Oyanjanitsa anthu m'midzi tiziwasamala tokha, tisadikire pulojekiti

Mnyamata akazula chinangwa m'munda mwa eni ake usiku kwa Mabuka kapena kwa Chikumbu n'kugwidwa, mwini munda safuna zambiri. Amafuna chinangwa chake chilipidwe, amve pakamwa pa mnyamatayo chimene anachitira zimenezo, kenako azigona tulo podziwa kuti sizidzachitikanso. Njira ya kupolisi ndi kukhoti kawirikawiri simupatsa ngakhale chimodzi mwa izi. Imamudyera ndalama za kabaza popita ku boma kukaperekera umboni, akafika amva kuti mlandu wasunthidwa poti wina sanabwere, n'kubwerera atataya tsiku la ganyu kapena la kothyola tiyi. Mnyamata uja akamangidwa, chinangwa sichibwerera. Amabwerera ndi iyeyo patapita miyezi, wowonda, wamphere, atadziwa zambiri zimene sankazidziwa, ndipo nyumba ya amayi ake ikadali pomwe paja, moyang'anizana ndi khomo la amene anamumangitsa.

N'chifukwa chake ine ndili kumbali ya magulu amene amakhazika pansi wolakwa ndi wolakwiridwa kuti chowonongeka chikonzedwe ndipo anthu apitirize kupatsana moni. Koma chimene chandilembetsa lero ndi nkhawa. Magulu amenewa kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amayamba bwino, amagwira ntchito yooneka, kenako amazilala mwakachetechete. Amazilala chifukwa ife eni mudzi timawatenga ngati a bungwe, osati athu.

Ntchito yeniyeniyo si yachilendo kwa ife. Ankhoswe akhala akuyanjanitsa mabanja kuyambira kale, mwinimbumba amaitana alongo ake akakangana pa malire a munda, ndipo bwalo la amfumu limadziwa chipepeso cha nkhuku. Chimene chinawonjezeka m'zaka zapitazi ndi maphunziro ndi mgwirizano ndi apolisi komanso makhoti. Ntchito ya PASI, bungwe lothandiza anthu pa zamalamulo, inayamba mu 2000 potumiza alangizi a zamalamulo m'ndende kukathandiza anthu amene anaiwalika pa rimandi. Ataona kuti ambiri mwa anthuwo sankayenera n'komwe kufika kundende, mu 2008 anayambitsa ntchito yophunzitsa oyanjanitsa a m'midzi, potengera zimene anzawo a ku Madaripur m'dziko la Bangladesh ankachita. Oyanjanitsawo ndi anthu wamba a m'mudzi momwemo, salipiritsa, ndipo zokambidwazo sazifalitsa. A CCJP, bungwe la chilungamo ndi mtendere la mpingo wa Katolika, nawo akhala akuphunzitsa mafumu ndi anthu odzipereka za kaweruzidwe kachilungamo. Lamulo la 2010 loteteza ana limanena momveka kuti mwana wolakwa pa milandu yaing'ono angathe kupatutsidwa kuti asadutse m'khoti, ndipo malamulo a kazengedwe ka milandu amalola woweruza kulimbikitsa kuyanjana pa nkhani ngati za ndewu yosavulazana kwambiri. Choncho chilolezo chilipo, palibe amene akuchita izi mobisala.

Chifukwa chake chilinso poyera. Mu 2009, pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma, oweruza anagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera munthu, ndipo anapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kudzadzanako ndi theka. Lero lino ndende zikadali zodzadza kupitirira muyeso. Amene anakaonako m'bale wake kundende akudziwa fungo limene ndikunena. Kuno kwathu tili ndi ndende ya achinyamata ku Bvumbwe, ndipo mnyamata aliyense amene ali mmenemo ali ndi mudzi umene adzabwererako.

Tsono magulu abwinowa amafa bwanji? Ambiri tinaonapo. Kumabwera galimoto, amfumu n'kuitanitsa msonkhano, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kusankhidwa. Amapita ku boma kukaphunzira sabata imodzi, n'kubwerako ndi malaya olembedwa dzina la pulojekiti, buku lachikuto cholimba lolembamo milandu, mwina ndi njinga. Zaka ziwiri kapena zitatu zinthu zimayenda, chifukwa mwezi uliwonse kumabwera wina kudzatenga malipoti ndi kusiya kangachepe ka sopo. Pulojekiti ikatha galimoto ija imasiya kubwera. Tayala la njinga likaphulika palibe wogula lina, tcheni chikaduka njinga imapachikidwa kudenga. Buku lija likadzadza palibe wogula latsopano. Mayi amene ankayenda mtunda wautali kukamva nkhani za ena amauzidwa ndi amuna awo kuti munda ukulowa thengo pamene iwe ukuzungulira ndi milandu yosakudyetsa. Ndani angamudzudzule akasiya?

Mlandu wa zimenezi sindiusenzetsa mabungwe okha. Iwo amagwira ntchito ndi ndalama za eni ake akunja, zimene zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndipo tonse tinaona mu 2025 mmene ntchito zambiri m'dziko muno zinaimira mwadzidzidzi boma la America litadula thandizo la USAID. Mbali yaikulu ndi yathu. Tinazolowera kufunsa kuti "kodi kuli kangachepe?" tisanapite ku msonkhano wokamba za mtendere wa mudzi wathu womwe. Chitukuko tinachisandutsa mlendo amene amabwera ndi zake, ndipo akachoka timangoyang'ana kumsewu kudikira wina.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zofunika kuti gulu la oyanjanitsa lisafe ndi zazing'ono kwambiri. Tayala ndi chubu kamodzi pa chaka. Mayunitsi oimbira wapolisi wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa kuti mwana amene wagona m'chitokosi pa nkhani ya nkhuku abwezedwe kumudzi. Buku ndi cholembera. Ndalama ya kabaza tsiku limene woyanjanitsa akuperekeza mayi wovulazidwa kuchipatala ndi kupolisi. Mudzi umene umasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pa maliro aliwonse sungalephere zimenezi. Magulu a banki m'khonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi kamene membala aliyense amaponyamo sabata ndi sabata, ndipo iwowa ndi amene amadziwa kuwawa kwa ngongole yosabwezedwa, nanga si milandu yambiri yofika kwa oyanjanitsa ndi ya ngongole. Amayi a Mvano, miphakati ya Akatolika, a ku mzikiti, onse ali ndi dongosolo losonkhera. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a bungwe la Sukambizi anationetsa kale kuti ndalama yowonjezera imene amalandira pogulitsa tiyi kudzera mu dongosolo la malonda achilungamo la Fairtrade ingathe kumanga milatho ndi midadada ya sukulu anthu akagwirizana. Anthu amene anamanga mlatho sangakanike kukonzetsa njinga zisanu.

Apa ndiyenera kuchenjeza, chifukwa wina anganene kuti bwanji odandaula ndi odandaulidwa azilipira okha, monga mmene timatulira chabwalo kwa amfumu. Ayi. Ndalama ikangochokera m'manja mwa eni mlandu, wosauka amakhala kunyumba ndi mkwiyo wake, ndipo woyanjanitsa amayamba kuyang'ana amene wabwera ndi zambiri. Thandizo lichokere kwa mudzi wonse mlandu usanabadwe, pamene palibe akudziwa kuti mawa adzakhala wodandaula kapena kholo la wolakwa. Sindikunenanso kuti oyanjanitsa azilandira malipiro a pamwezi. Malipiro akangolowapo, mpandowo udzalimbiranidwa ndi abale a akuluakulu. Ndikunena kuti munthu wodzipereka asamachotse m'thumba mwake. Amfumu angathenso kumumasula pa ntchito zina za chitukuko monga kututa mchenga kapena kuumba njerwa, poti gawo lake akupereka kale.

Komabe ndalama ndi mbali yopepuka ya nkhaniyi. Yolemera ndinaiona pa zokambirana zina zimene ndinakhalapo monga mboni ya mbali ya wodandaula, kuseri kwa tchalitchi china kufupi ndi Chitakale. Panalibe chikhamu. Panali mphasa ziwiri, oyanjanitsa awiri, mayi ndi bambo, mayi wogulitsa mandasi amene anabedwa ndalama za mpamba wake, mnyamata amene anatengayo, amayi ake, ndi amalume ake. Oyanjanitsa anayamba ndi wobedwayo, ndipo anauza onse kuti wina asamudule mawu. Mayiyo sanayambe ndi ndalama. Anayamba ndi kunena kuti mnyamatayu ankamupatsa mandasi otsala madzulo kuyambira ali wamng'ono, ndipo chimene chikumusowetsa tulo n'chakuti anadziwa pamene pamakhala chitini cha ndalama chifukwa ankalowa m'nyumbamo ngati mwana wa pakhomo. Mnyamatayo anali ataweramitsa mutu akujambula pansi ndi kamtengo. Atafunsidwa kuti wamva chiyani, anayankha motsitsa kuti, "Ndamva, amayi. Ndinalakwa." Woyanjanitsa wamkazi uja sanakhutire. Anati, "Tiuze chimene wamva, osati chimene ukuganiza kuti tikufuna kumva." Panapita kanthawi asanayankhe, ndipo atayankha anabwereza nkhani ya mandasi otsala aja.

Anagwirizana kuti abweze pang'onopang'ono, mbali ina nandolo akakololedwa. Koma mnyamata wodziwika kuti ndi wakuba angapeze kuti ganyu? Apa zinthu zinaima. Amalume ake anati iwo alibe kanthu. Mmodzi wa oyanjanitsa anatuluka n'kukaitana bambo wina woumba njerwa wa m'mudzimo, amene anamva nkhani yonse ataimirira, n'kunena kuti, "Abwere mawa m'mamawa. Ndalama yake ndizipereka kwa amalume akewa pamaso pa inu." Kenako anthu anadinda zala m'buku.

Bambo woumba njerwayo sanaphunzitsidwe ndi bungwe lililonse ndipo dzina lake silili mu lipoti la aliyense, koma popanda iye mgwirizano uja ukanangokhala pepala. Thandizo la mudzi limene ndikunena ndi limeneli. Wina alembe ganyu mnyamata amene aliyense akumuloza chala. Aphunzitsi amulandirenso m'kalasi osamutchula wakuba pamaso pa anzake. Timu ya mpira isamuthamangitse. Ndipo wobedwayo asasiyidwe yekha: amayi anzake a banki m'khonde amubwereke mpamba woyambiranso pamene akudikira kubwezeredwa. Timakonda kuiwala wolakwiridwa tikangomva mawu akuti pepani, ngati kuti pepaniyo agula ufa ndi mafuta.

Magulu amenewa amakula choncho, mlandu umodzi womalizidwa bwino ukuitana unzake. Mayi wa mandasi akalandira ndalama yake yomaliza, nkhaniyo imafika pa mjigo ndi kuchigayo tsiku lomwelo, ndipo mnansi amene wakangana ndi mlamu wake pa za malire amadziwa kopita. Ngakhale kumayiko kumene ntchitoyi ili ndi maofesi akuluakulu inayamba motero. Mu 1974 ku Elmira m'chigawo cha Ontario ku Canada, anyamata awiri ataledzera anawononga katundu wa anthu 22 usiku umodzi. Mark Yantzi, wogwira ntchito yoyang'anira olakwa amenenso anali wa mpingo wa Mennonite, ndi mnzake Dave Worth anapempha woweruza kuti anyamatawo akakumane ndi amene anawalakwira. Anayenda khomo ndi khomo, kumva zimene anawononga, n'kubweza. Anthu a mpingo odzipereka ndiwo anaisenza ntchitoyo mpaka inafalikira.

Ndipo ife Amalawi tinayesedwa pa chinthu cholemera kuposa katundu wowonongedwa. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti si zogwirizana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa kupha azingopatsidwa chilango cha imfa popanda kumva mbali yake. Kuyambira 2015 akaidi amene anali pa chilango chimenechi anayamba kuweruzidwanso, ndipo oposa 100 anatulutsidwa. Asanatuluke, alangizi a zamalamulo ankapita kumidzi kwawo kukakamba ndi mafumu, abale awo, ndiponso abale a omwalira. Ambiri analandiridwa ndipo anayambanso kulima. Amenewa anazengedwa ndi khoti ndipo anakhala zaka zambiri m'ndende, si nkhani za pa mphasa ayi, koma chitseko chobwerera anatsegula ndi anthu a m'mudzi. Ngati midzi yathu inatha kulandira anthu oterowo, mwana wozula chinangwa sangatikanike.

Ndikudziwa chimene ena akunena m'mitima mwawo, chifukwa amandiuza maso ndi maso: mukunyengerera mbava, wakuba amamva ndodo basi. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa. Munthu amene wabedwa nkhuku katatu n'kumuona wakubayo akuyenda pa msika sakufuna ulaliki. Koma oyanjanitsa ophunzitsidwa bwino salandira aliyense. Wokana mlandu, wobwerezabwereza, wothyola nyumba ndi zikwanje, njira yake ndi ya kupolisi. Ndipo tiyeni tikumbukire kumene ndodo inatifikitsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, misewu inatchingidwa, a United Nations anachotsa antchito awo m'madera ena, ndipo ngakhale azaumoyo ankaopa kuyenda. Amene anaponya miyala anali anansi athu, anthu opemphera, amene anali ndi mantha koma analibe munthu womudalira woti akamuuze. Mudzi umene uli ndi anthu asanu odziwika kuti amamva mbali zonse uli ndi poyambira pamene wina wakuwa kuti wakuba.

Pali chodandaula china chimene ndimachilemekeza kwambiri, ndipo chimachokera kwa amayi. Iwo amati kukambirana pachibale n'kumene kwakhala kukubisa nkhanza. Akunena zoona. Tonse tikudziwa nkhani za mtsikana wogwiriridwa ndi bambo womupeza kapena mphunzitsi, akuluakulu n'kukhala pansi usiku, mbuzi n'kuperekedwa kwa amalume, mwanayo n'kuuzidwa kuti asachititse banja manyazi. Tikudziwa mayi wotupa nkhope amene ankhoswe amubweza kachisanu ndi mawu akuti banja n'kupirira. Zimenezo si kuyanjanitsa, ndi kumupereka munthu kwa womuzunza. Kugwirira, kugona ndi mwana, kupha, kuvulaza koopsa, zonsezi ndi za polisi ndi khoti, ndipo lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja linapangidwa kuti mayi wotere apeze chitetezo. Woyanjanitsa weniweni amadziwika ndi milandu imene amakana kuigwira. Apa ndi pamene amafunikira mudzi kuposa pena paliponse, chifukwa tsiku limene adzatumize kupolisi mphwake wa amfumu kapena mkulu wa mpingo, adzadedwa. Ngati tsiku limenelo tidzamusiya yekha, wotsatira wake adzaphunzira kutseka pakamwa.

Kwa mafumu athu ndilankhule mwaulemu koma mosabisa. Gogo chalo, popanda inu ntchitoyi siyenda, pakuti ndinu mumaitanitsa anthu ndipo mawu anu ndiwo amapatsa oyanjanitsa ulemu. Koma ena mwa inu mumawaona ngati olanda chabwalo, ndipo ena mumafuna kuikamo ana anu okha. Asiyeni anthu asankhe okha poyera, pakhale amayi ochuluka ngati abambo, pakhalenso wachinyamata. Dziko lino linaona kale zimene zimachitika bwalo likakhala ndi mphamvu zopanda malire. M'nthawi ya Kamuzu Banda makhoti a mafumu ankazenga milandu ya imfa popanda woimira woimbidwa mlandu, ndipo mu 1983 Orton Chirwa ndi Vera Chirwa anagamulidwa kuti aphedwe m'khoti lotere. Makhotiwo anathetsedwa ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Woyanjanitsa sagamula ndipo sakakamiza. Aliyense ali ndi ufulu wonyamuka pa mphasa n'kupita kukhoti, ndipo asanyozedwe chifukwa chotero.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yachangu kuposa madera ambiri chifukwa cha malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, pamene nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi wa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda ndi thangata. Munda umene agogo ankalima okha lero ukugawidwa kwa zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndipo mzere umodzi wa chimanga umatha kudanitsa ana a mimba imodzi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anakokolola mitengo ndi miyala imene inali zizindikiro za malire, anakwirira minda ndi mchenga, ndipo mabanja osamutsidwa anakakhala pa malo a ena. Mikangano imeneyi makhoti sangaimalize ngakhale atagwira ntchito usiku. Eni maesiteti nawo ali ndi gawo. Mayi akagwidwa ndi mlonda ali ndi mtolo wa nkhuni kapena udzu, kumutumiza kupolisi sikuchepetsa njala ya nkhuni, kumangokulitsa chidani chimene chilipo kale pakati pa mudzi ndi esiteti. Mabwana a maesiteti atagwirizana ndi oyanjanitsa a midzi yoyandikana nawo pa nkhani zazing'ono zotere, n'kuthandizapo pa thumba la gulu poyera osati kupatsa munthu payekha, angapindule kuposa kuwonjezera alonda.

Oyanjanitsa nawonso ali ndi ngongole kwa anthu amene akuwasonkhera. Kamodzi pa chaka, mwina nthawi imene magulu a banki m'khonde akugawana ndalama, aime pa bwalo pamaso pa mudzi ndi komiti ya chitukuko, anene kuti analandira nkhani zingati, zingati zinatha, zingati anazitumiza kupolisi kapena kukhoti, ndi migwirizano ingati imene sinakwaniritsidwe, popanda kutchula dzina la munthu. Aonetsenso mmene ndalama zinayendera mpaka ya chubu yomwe. Amene wayamba kukondera kapena kuulula zinsinsi achotsedwe pomwepo ndi anthu amene anamusankha, ndipo amene watopa aloledwe kupuma ataphunzitsa wina wolowa m'malo mwake.